Mnzanga wa m'chipinda akutsokomola koma akukana kukayezetsa, ine ndili ndi mphumu. Nditani?

Nangondo_KU

Moni nonse. Ndine wophunzira pa koleji ina kuno ku Kasungu, kwathu ndi ku Santhe. Monga munamvera, pa 17 Januwale 2021 a Pulezidenti Chakwera analamula kuti sukulu zitsekedwe kwa milungu itatu chifukwa cha Covid-19, koma ife ogonera pasukulu tisachoke mpaka azaumoyo atione kaye. Ndiye tikadali pompano. Kukalasi sitikupita, tikungoswera m'mahositelo.

M'chipinda mwathu timagonamo atsikana asanu ndi atatu, pa mabedi osanjikiza. Mnzanga amene amagona pamwamba panga wayamba kutentha thupi, akutsokomola chifuwa chouma, ndipo dzulo wanena yekha kuti fungo la Lifebuoy sakulimva. Tikangotchula zachipatala akuyamba kulira. Akuti akampeza ndi Covid-19 akamutsekera kwayekha, anthu azimuloza zala, ndiponso mayi ake ali ndi BP, akangomva agwa. Akungomwa Panado ndi madzi a mandimu, ndipo watipempha kuti tisawauze amatironi. Ndi mnzanga weniweni, ndalama zikandithera ndimadya zake.

Koma ine ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana, Ventolin, mankhwala anga opopera, ndimagona naye pansi pa pilo. Usiku akamatsokomola ndimakhala maso mpaka tambala. Mazenera anzanga amatseka dzuwa likangolowa chifukwa cha udzudzu, mvula ili pakati ino, ndipo m'mawa timapeza magalasi atanyowa ndi mpweya wathu womwe. Madzi pampope amatuluka mwa apo ndi apo. Amayi akundiimbira kuti ndingonyamuka ndibwere kunyumba, koma kumeneko kuli agogo amene akudwala shuga.

Ndikufunsa amene mukudziwa: ndikawauze amatironi ngakhale iye wakana? Nanga zenera titsegule tilumidwe ndi udzudzu, kapena titseke tizipumirana? Kapena ndimvere amayi?

Nesi wa ku Mchinji

Mng'ono wanga, wachita bwino kufunsa. Ndine namwino, ndimagwira ntchito kuno ku Mchinji, ndipo mwezi uno taona zimene sitinazione chaka chatha chonse. Matendawa atapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020 ambiri ankati ndi a anthu okwera ndege. Panopa afika m'midzi. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anthu amene sakanasowa chithandizo. Pofika Januwale 2021 uno, katemera sanafike kuno kwathu. Ndiye zimene ndikuuze uzitenge mozama.

Kawauze amatironi lero lomwe. Usanapite, khala naye pansi mnzakoyo umuuze kuti ukupita, asadzamve kwa ena. Chifukwa chachikulu chimene ndikukukakamizira ndi moyo wake womwewo. Kutentha thupi mu Januwale sikuti nthawi zonse ndi korona. Akhoza kukhala malungo, ndipo malungo obisidwa ndi Panado ndi amene timawalandira munthu atayamba kukomoka. Panado amangotsitsa kutentha, tizilombo m'magazi timapitirira kuswana. Kuyeza malungo ndi kadontho ka magazi a pachala, pasanathe theka la ola zotsatira zatuluka, akapezeka nawo amwa LA kwa masiku atatu. Kusamva fungo ndi chifuwa choumacho zikuloza kwambiri ku Covid-19, n'zoona, koma munthu amatha kukhala ndi onse awiri nthawi imodzi. Popanda kuyeza palibe angadziwe, ngakhale ine. Ngati amatironi achedwa, imba 929, nambala yaulere ya Unduna wa Zaumoyo, akulumikiza ndi azaumoyo a boma la Kasungu.

Tsopano za zenera, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Anthu agwiritsitsa nkhani yosamba m'manja, ndipo ndi yofunikadi, koma kachilomboka kamayenda kwambiri mumpweya. Wodwala akamatsokomola, kulankhula, ngakhale kungopuma, amatulutsa timadontho. Tikulutikulu timagwa pafupi, koma ting'onoting'ono timatsala tikuyandama, ndipo m'chipinda chotseka timachulukirachulukira usiku wonse. Zili ngati utsi m'khitchini yopanda zenera: ngakhale ukhale pakona kutali ndi mafuwa, maso akuwawabe. Magalasi onyowa amene ukuwaona m'mawawo akukuuza kuti mpweya wa anthu asanu ndi atatu sunatuluke. Masana mumavala masiki, mumatalikirana, kenako usiku mumavula n'kugona maola asanu ndi atatu mutadzitsekera. Nthawi yoopsa pa tsiku lanu lonse ndi imeneyo.

Choncho zenera litsegulidwe, usiku womwe. Ngati pali mazenera mbali ziwiri tsegulani onse kuti mphepo idutse. Ngati lili mbali imodzi, siyaniko mpata pachitseko cha kukhonde la m'kati. Udzudzu mankhwala ake ndi neti. Ndipotu kutseka zenera sikuthetsa udzudzu, umalowa m'mipata ya denga ndi pansi pa chitseko, wina umaswera pansi pa mabedi. Aliyense akunge neti yake, aipinde bwino pansi pa matiresi, zibowo asoke kapena amange mfundo. Pabedi yapansi mangirira ku zitsulo za bedi yapamwamba. Mvula ikamawomba mbali ina, tsekani mbali imeneyo yokha. Koyilo wa udzudzu musayatse, iweyo wa mphumu utsi wakewo ukubanika nawo.

Usiku uno, podikira azaumoyo, wodwalayo asagone pamwamba pako. Asamukire pabedi ya pafupi ndi zenera, avale masiki nthawi zonse pamene ali maso, mbale ndi kapu zikhale zake yekha. Iwe pempha bedi ya kutali naye. Enanu muzigona mosemphanitsa, wina mutu uku wina mutu uko.

Kunyumba usapite. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi mpaka masiku 14 zizindikiro zisanaoneke, ngakhale ambiri zimawayamba patapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo munthu amapatsira ena asanayambe kumva kudwala. Iwe wagona pansi pa wodwala. Ukakwera minibasi ya ku Santhe ukakhala mothithikana ndi anthu, ukafika ukawagwira dzanja agogo a shuga. Achinyamata ambiri amachira okha, amene tikuwataya ndi okalamba, a shuga ndi a BP.

Mphumu yako: mankhwala usasiye, ona ngati Ventolin watsala wokwanira, ndipo amatironi adziwe kuti uli ndi vutoli. Ukaona kuti ukulephera kumaliza chiganizo osapumira, pachifuwa pakupweteka, milomo ikusintha mtundu, kapena wapopera koma sizikusintha, usadikire kuti kuche. Zizindikiro zomwezi uzimuyang'aniranso mnzakoyo.

Mayi Phiri a ku Chulu

Mwanangu, ndawerenga misozi ili m'maso, chifukwa wanga nayenso ali pasukulu yogonera konko ndipo usiku sindikugona. Mayi akowo usawaone ngati osamva. Kholo likamamva mauthenga a maliro pa wailesi m'mawa uliwonse limafuna mwana akhale pamene likumuona.

Kuno kwathu aliyense akufukiza. Timathyola masamba a bulugamu, a mandimu ndi a gwafa, kuwiritsa mumphika, n'kufunda bulangete. Tikumwanso jinja ndi adyo. Ine ndikatero mphuno zimatseguka ndipo ndimagona bwino. Bwanji nonse m'chipindamo muzichita zimenezi madzulo? Anthu akugulanso azithromycin m'mafamase, akuti akuthandiza. A Nesi mutiuze ngati zili zoona.

Nesi wa ku Mchinji

Amayi, nkhawa yanu ndikuimva, nanenso ndine kholo. Tiyi wa jinja ndi mandimu amweni, amafewetsa kukhosi ndipo wodwala amafunika madzi ambiri. Koma nthunzi siipha kachilombo kamene kalowa kale m'thupi. Imangotsegula mphuno kwa kanthawi, munthu n'kumaganiza kuti wachira pamene akupatsirabe ena. Kwa mwana wa mphumuyu ndikukaniratu: nthunzi yotentha ndi fungo lamphamvu la bulugamu zimatha kudzutsa mphumu. Komanso mphika wa madzi owira m'chipinda chothinana, pansi pa bulangete, anthu amapsa nawo. Choopsa china ndi kufundira limodzi bulangete limodzi, odwala ndi osadwala.

Azithromycin amapha mabakiteriya, pomwe Covid-19 imayamba ndi vayirasi. Dokotala amatha kumulemba akaona kuti pali matenda ena owonjezera, koma kumangogula n'kumamwa kumachititsa kuti tsiku limene mudzamufunedi asadzagwire ntchito.

Mphwanga wa ku Mkanda

Asisi, ine ndadutsamo. Ndimaphunzira ku Lilongwe, ndipo anandipeza ndi kachilombo ka korona mwezi uno. Panopa ndachira, ndikulemba ndili bwinobwino. Mumuwerengere mnzanuyo uthengawu.

Chimene akuopacho ndikuchidziwa. Munthu umaganiza kuti dzina lako limveka paliponse, anzako azidzakuthawa mpaka kumaliza sukulu. Zoona zake n'zoti tinapatulidwa m'chipinda china tili angapo, chakudya ankatisiyira pakhomo, azaumoyo ankabwera kudzationa. Ananena kuti munthu amakhala kwayekha masiku 10 kuchokera pamene anayamba kudwala, kuonjezapo masiku atatu opanda zizindikiro. Mutu unkandipweteka, nsima ndinkangomeza osamva kukoma, thupi lofooka. Koma chimene chinandivuta koposa ndi foni. Ukatsegula WhatsApp, chithunzi cha munthu ndi kandulo, ukatsegula Facebook, chimodzimodzi. Usiku umayamba kuwerenga mpweya wako. Ndinayamba kuzimitsa data madzulo n'kumangoimbira achimwene anga, ndipo tulo tinabwerera. Amene anandithandiza ndi anzanga amene ankabwera kudzaima patali pazenera n'kumandiuza za mpira. Inu mukamuchitire zimenezo mnzanuyo. Mukamuneneza kwa amatironi kenako n'kumusiya yekha, pamenepo ndiye adzati munamugulitsa.

Zolozana zala zatha mphamvu. Ku Lilongwe Girls Secondary School anapeza atsikana 311 ali nako mu Januwale 2021 momwemuno. Ndani angaseke mnzake pamenepo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za mayi ake a BP, asawauze yekha akulira pafoni. Apeze wamkulu wa m'banjamo, amalume kapena azakhali, akawauze pamaso mofatsa, kenako iye aziwaimbira tsiku lililonse amve mawu ake.

China chimene ndinaona, anthu amasamala pa geti pamene pali ndowa ndi alonda, koma amatayirira kodyera. Pamzere wa nsima timapanikizana, kenako tonse timavula masiki n'kukhala moyang'anizana, kukamwa kuli nkhani. Tengani mbale yanu mukadyere panja pansi pa mtengo ngati sikukugwa mvula. Mapemphero a madzulo ndi kwaya chimodzimodzi. Ine ndine wa kwaya ndipo zimandiwawa kunena, koma kuimba m'kalasi yotseka kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kulankhula. Pempherani pabwalo, motalikirana. Ndipo zozemba usiku kupita ku tauni kapena kwa chibwenzi, n'kubwerera m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, muuzane poyera kuti zileke kaye.

Nangondo_KU

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndinamuwerengera zimene mwalemba achimwene a ku Mkanda, analira, kenako anati tipitire limodzi. Amatironi anatilandira bwino. Malungo sanampeze nawo, amutenga zoyeza za m'mphuno ndipo amupatsa chipinda chayekha podikira zotsatira. Ife otsala atiuza kuti tisasakanikirane ndi a zipinda zina. Mazenera tinagona otsegula, awiri anadandaula kuzizira koma anafunda zitenje pamwamba pa bulangete. Amayi ndawafotokozera za agogo, amvetsa ngakhale mosakondwa.

Chatsala ndi madzi ndi masiki. Pampope pakauma tizisamba bwanji m'manja? Ndiponso ndili ndi masiki imodzi yokha ya kuchipatala ija yobiriwira, ndakhala ndikuichapa.

Aphunzitsi a ku Kamwendo

Mwana wanga, ine ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku Mchinji, ndipo vuto la madzi tinalimbana nalo pamene sukulu zinatsegulidwa mu Sepitembala 2020, titakhala kunyumba kuyambira pa 23 Malichi. Pangani mpondagiya pakhomo pa hositelo. Mufunika kachigubu ka malita asanu, mitengo iwiri ya mphanda, mtengo wopingasa, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Boolani kachigubuko pafupi ndi kukamwa ndi msomali wotentha, kapachikeni pa mtengo wopingasawo, chingwe chichoke pakhosi pa chigubu kufika pa kamtengo ka pansi. Mukaponda, chigubu chimapendekeka, madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo palibe wogwira ndi manja. Sopo mubooleni pakati mumumangirire pachingwe, apo ayi asowa tsiku lomwelo. Pansi thirani timiyala kuti pasachite matope. Madzi akabwera pampope dzazani ndowa zonse, ndipo mugawane masiku odzaza chigubucho, chifukwa ntchito ya aliyense imasanduka ya palibe. Posamba pakani sopo mpaka thovu, kumbuyo kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, kwa masekondi osachepera 20. Beseni limodzi losambamo nonse ayi.

Masiki ya kuchipatalayo itayeni, siichapidwa. Ikanyowa imasiya kusefa ngakhale ikuoneka yoyera. Ngati muli ndi chitenje cha thonje chothina bwino ulusi, dulani mupinde katatu, musoke m'mbali ndi singano, zingwe mutenge pa sikipa yakale. Sokani ziwiri kapena zitatu, kuti ina ikakhala pankhope ina ili pachingwe. Madzulo ichapeni ndi sopo, iume padzuwa, ngati pali simbi isiteni. Povula gwirani zingwe zokha. Iphimbe mphuno ndi chibwano, ndipo musabwerekane ngakhale ndi mnzanu wapamtima. Poti inu muli ndi mphumu, sankhani nsalu imene mukupuma nayo bwino, ndipo mufunse azaumoyo akabwera ngati angakupatseniko za kuchipatala zatsopano zoti muzivala masiku amene mukudikira zotsatirawa.