Kodi alipo amene amaudziwadi msika?

Wapa Kamuzu Road:
Abale ndithandizeni nzeru. Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma ukafika pamsika mavenda akungogula mtengo wawo. Akatswiri a zachuma pa wailesi amati zinthu zikhazikika, mawa lake shuga wakwera. Nde anthu ophunzirawa sadziwa ntchito, kapena msika ngwosatheka kuumvetsa ndi mutu wa munthu?

Mayi wa Usipa:
Achimwene tabwerani ku Senga Bay m'mawa mudzaone. Mtengo wa usipa lero umadalira ngati kwachita mwera usiku, ngati mwezi ukuwala chifukwa ukawala usipa subwera ku nyali, mafuta a injini apezeka kapena ayi, kwagwa mvula yoti pathandala siuuma, komanso amayi aku Lilongwe abwera angati ndi ndalama zingati. Zonsezi zimasintha tsiku ndi tsiku ndipo aliyense amangodziwa kachidutswa kake, nde munthu ali mu ofesi ku Capital Hill azidziwa bwanji? Sikuti ndi mbuli ayi, kungoti pomwe lipoti likufika pa tebulo pake nyanja yasintha kale.

Aphunzitsi:
Mayi mwalasa. Katswiri wina waku Austria, Friedrich Hayek, analemba zomwezi mu 1945, kuti nzeru zoyendetsera chuma zinamwazikana mwa anthu ambirimbiri ndipo mtengo ndi umene umazisonkhanitsa. Kumbukirani chimanga chamu nkhokwe za boma chomwe chinagulitsidwa cha m'ma 2001, a bungwe lobwereketsa mayiko ndalama la IMF atalangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe. Papepala masamu ake ankaoneka bwino, 2002 njala.

Mlimi waku Lifuwu:
Eee koma tisaupembedze msikawo ngati uli ndi nzeru zonse. Mu 2017 India atachepetsa kugula nandolo kunja mtengo unagwa, alimi akumwera analira, iwo anatsatira mtengo wa chaka chatha ngati mmene mukunenera kuti mtengo umaphunzitsa. Ifenso kuno mpunga timagulitsa nthawi yokolola motchipa osati chifukwa sitidziwa kuti Disembala ukwera, timadziwa bwinobwino, koma fizi ya mwana ndi ngongole ya fetereza sizidikira, venda amadziwa zimenezo nde amabwera ndi sikelo yake yokayikitsa ija. Apa vuto si kuchepa kwa nzeru, ndi kuchepa kwa mphamvu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023 fetereza anakwera pompo, mpunga wanga unadikira kaye.

Mayi wa Usipa:
Zoona bambo, za sikelo nane zimandiwawa. Koma taonani ku chilumba cha Mbenje. Mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula mpaka cha mu Epulo, mowa saloleza pachilumbapo, ndipo zinayamba kalekale popanda wina kukhala pansi ndi kompyuta. Anthu ankangoona zomwe zikuyenda nkumazisunga. Pano a zausodzi ndi ofufuza amapita kukaphunzira komweko.

Wapa Kamuzu Road:
Ndamva. Koma bambo aku Lifuwu mwandisokoneza, chifukwa ngati boma silingadziwe zonse, msikanso umapondereza wosauka, nde soya wangayu ndigulitse pano kapena ndisunge mpaka Okutobala?

Mlimi waku Lifuwu:
Kkkk funso limenelo olo Hayek wakeyo sakanayankha. Ngati mulibe ngongole gulitsani theka, theka linalo musunge pouma.