Interface iti yoti woimba asamadzimve mochedwa m'mahedifoni?

Kamkokomo: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikujambula pa laputopu, Windows, pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio. Kainterface kanga kakale, kabokosi kolumikizira mic ndi gitala ku kompyuta, kanditopetsa. Buffer (kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu tomwe kompyuta imakonza nthawi imodzi) ndikaika pa 128 mawu akuthetheka, ndikakweza pa 512 woimba akudzimva mochedwa. Dzulo wina wavula mahedifoni pakati pa chorus, akuti sangapitirize. Ndikufuna ya ma input awiri, mic ya condenser ndi gitala nthawi imodzi, 48V (magetsi omwe condenser imafuna) ikhalepo. Maso ali pa Scarlett 2i2, Audient iD14 ndi MOTU M2. Nditenge iti?

Mkulu wa Mix: Achimwene, musathamangire kugula. Vuto ndi laputopu. Mukuyendetsa driver iti, pulogalamu yolumikizitsa interface ndi kompyuta ija? Ngati ndi ASIO4ALL, ichotseni muike driver ya ASIO yopangidwira interface yanuyo. Mukatero mutsegule pulogalamu ya LatencyMon kwa mphindi khumi muone chomwe chikuba nthawi. Kawirikawiri ndi Wi-Fi kapena power plan (makonzedwe a magetsi a mu Windows).

Wa Gitala: Buffer ya 512 pa 44.1 kHz (tizidutswa 44,100 pa sekondi) imachedwetsa mawu ndi 11.6 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), polowa pokha. Potuluka enanso otero, ndiye mwadutsa kale 20 ms, palibe woimba angapirire. Ya 128 ndi 2.9 ms. Koma bwanji osangoyatsa direct monitor? Zitatu mwatchulazo zonse zili nayo. Mawu amachoka pa mic kupita m'mahedifoni osadutsa mu kompyuta. Musaiwale kutseka monitoring ya mu FL, apo ayi adzadzimva kawiri.

Kamkokomo: Direct monitor ndinayesa akulu. Oimba anga sayimba mawu ali ouma, amafuna ka reverb (kamkokomo ngati ka m'chipinda chachikulu) m'khutu.

Wa Gitala: Ndiye ouma abwere pa direct, reverb yokha ichoke mu FL, wet 100%, ndiye kuti popanda mawu ouma. Reverb ikachedwa pang'ono palibe amazindikira.

Achemwali a Keys: Ine langa ndi chenjezo. Ndinagulapo interface yatsopano poganiza kuti yakale ndiyo inkalira. Kulumikiza, phokoso lomwelija, losalekeza m'ma monitor (masipika a mu studio), ukasuntha mouse nalo kusintha mawu. Sabata yathunthu ndikusintha ma cable. Tsiku lina mwana anazula chaja ya laputopu kuti alumikize yake, chipinda chonse zii. Inali ground loop, phokoso lobwera zida zikalumikizana ku earth kudzera njira zoposa imodzi. Ndinaika ma cable a TRS balanced kupita ku ma monitor, zinachepa kwambiri. Koma musadule pini ya earth monga ena amachitira, imeneyo ndi ngozi ya moyo, gitala ili m'manja mwanu.

Mkulu wa Mix: Mwamva? Laputopu. Ndanena kale.

Bass Yokha: Mkulu, si nthawi zonse. Ma driver amasiyana. N'chifukwa chake anthu amalimbikira interface ya RME, pa buffer yaing'ono imakhazikika. Komanso Kamkokomo onani gain, mphamvu yokwezera mawu a mic. Lero muli ndi condenser, mawa wina abwera ndi mic yake ya SM7B, imene ija imafuna gain ya cha m'ma 60 dB. 2i2 ya 3rd gen imafika 56, ya 4th gen 69. Muone bwinobwino ndi iti akukugulitsaniyo.

Mkulu wa Mix: Gain ikukhudzana bwanji ndi kuthetheka? Mugule RME, muilumikize pa laputopu yotentha, ma plugin (timapulogalamu tokonzera mawu) makumi atatu pa master (pomwe mawu onse amathira), idzathethekabe. Freezani ma track (kuwasandutsa audio kuti laputopu ipepukidwe), zimitsani limiter (plugin yoletsa mawu kupyola mulingo) pojambula.

Achemwali a Keys: Apo ndikugwirizana nanu. Limiter ya lookahead, yomwe imayamba yaona mawu akubwerawo, payokha imawonjezera latency (kuchedwa kwa mawu), buffer ikhale yaing'ono bwanji.

Wa Gitala: Chinanso, USB hub ayi. Interface zodya magetsi a pa USB zikagawana doko ndi hard drive zimaduka pakati pa take. Ine zinandichitikira pa take yomwe woimba analira nayo misozi, sitinaipezenso ngati imene ija. Mpaka pano imandiwawa.

Bass Yokha: Ndipo 48V muzizimitsa musanazule mic, ma monitor muyambe mwatsitsa. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa anazula XLR (cable ya mic) volume ili pamwamba, phuu, tweeter (kasipika ka mawu ang'onoang'ono) yakumanzere inathera pomwepo. Mic ya ribbon musaiyandikitse n'komwe pa cable yomwe simukuikhulupirira.

Mkulu wa Mix: Kamkokomo, LatencyMon yanena chiyani? Tiuzeni kaye musanataye ndalama.

Achemwali a Keys: A Bass, tweeter ija munasintha yokha kapena munagula peya ina? Yanga yakumanja yayamba kukhosomola pa ma hi-hat.