Mdadada wa makalasi: tiikepo ring beam kapena tigule madesiki?

Wapampando: Abale, amisiri atumiza mapulani awiri. Pulani yoyamba ndi yomangira matope, lintala pamawindo ndi pazitseko pokha, pamalo aja a m'mbali mwa dambo. Yachiwiri ndi ya simenti, ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa makoma) kuzungulira nyumba yonse kuti ipirire chivomerezi, kumtunda kuja. Yachiwiriyi ndi yodula. Tiyeni tikambirane.

Msungichuma: Ine ndili pa yoyamba, a Wapampando. Zotsalazo tigulire madesiki. Ana akukhala pansi lero lino, chivomerezicho chibwera liti?

Aphunzitsi: A Msungichuma, tsikulo palibe angakuuzeni, ngakhale akatswiri a sayansi. Chimene amadziwa ndi malo ake, ndipo dziko lathu lili pamalo oterowo. Chigoba cha dziko lapansi ndi zidutswa zikuluzikulu za thanthwe zomwe zimasuntha pang'onopang'ono. Kuno kum'mawa kwa Africa zidutswazo zikutalikirana mamilimita ochepa pachaka, n'chifukwa chake pali chigwa chachikulu chomwe muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Pamng'alu pomwe matanthwe akhudzana sipatsetsereka bwinobwino. Amakanirirana zaka zambiri mphamvu ikuunjikana, ngati mukupinda ndodo youma, kenako n'kuthyoka kamodzi. Mphamvuyo imayenda m'nthaka ngati mafunde, ndiye kugwedezeka timamvako.

Amayi a komiti: Aphunzitsi, komatu tizivomerezi timabwera kawirikawiri, mbale n'kulira m'kabati, basi n'kutha. Nyumba za matope zilipobe.

Aphunzitsi: Zoona amayi, koma manambala aja oyezera kukula kwa chivomerezi amanamiza maso. Cha 6 mphamvu yake imaposa ya cha 5 pafupifupi ka 32, ndipo imaposa ya cha 4 pafupifupi ka 1,000. Tomwe timaliza mbale nthawi zambiri ndi tating'ono. Cha ku Salima mu March 1989 chinapitirira 6, anthu anafa, ambiri anasowa pokhala. Ku Karonga mu December 2009 zinabwera motsatizana kwa masabata, chachikulu chinafika pa 6.0, nyumba ndi masukulu zinagwa.

Amisiri: Ndionjezepo za ntchito yanga. Khoma la njerwa limapirira katundu wochokera pamwamba, koma likakankhidwa cham'mbali limafooka. Mafunde oyamba amangogunda, obwera pambuyo ndi amene amapukusa nyumba uku ndi uku. Pamakona ndi pomwe pamayamba kung'aluka, khoma lililonse n'kumagwa palokha. Ring beam imamanga makoma anayiwo kuti aziyenda limodzi. Kalasi ndiye imavuta kuposa nyumba yogona, chifukwa makoma ake ndi ataliatali, mawindo akuluakulu, mkati mulibe khoma lochirikiza. Za dambo zokha ndikukana. Dothi lofewa lamadzi limakulitsa kugwedezeka, nthawi zina mchenga wonyowa umasungunuka maziko n'kumira.

Msungichuma: Za malo ndagonja, tipite kumtunda. Koma simenti khoma lonse, thumba lathu silikwanitsa.

Amayi a komiti: Nanga titayamba ndi kalasi imodzi yolimba, inayo chaka chamawa? Madesiki tingapemphe kwina. Khoma likamangidwa molakwika sitingaligwetsenso, ndipo m'menemo mudzakhala ana athu tsiku lonse.

Amisiri: Zitheka, bola maziko tikumbe a makalasi onse awiri, zitsulo tisiye zotulukira polumikiza.

Wapampando: Amisiri, tiwerengereni mtengo wa kalasi imodziyo. A Mlembi, tengani mapulani onse awiri mukawaonetse ainjiniya a kukhonsolo, akaonenso dothi la kumtundako. Tivota Loweruka akatiyankha.