Thandizeni: nthano ya Kalulu ndi chitsime imathera pati kwanu?

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu lino. Ndine mphunzitsi wa Chichewa kuno ku Blantyre, dera la Ndirande. Ndikukonza phunziro losonyeza ana momwe nthano imodzi imasinthira ikamayenda m'mitundu ndi m'mibadwo, ndipo ndasankha ija ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime pa chilala, kenaka n'kumaba madzi.

Pomwe pandivuta ndi pa kagwidwe kake. Agogo anga ankati Kamba anadzipaka ulimbo pamsana, Kalulu pomumenya n'kumatirira dzanja, mwendo, mpaka mutu. Ku Ghana, m'nthano za kangaude Anansi, chomata chimakhala chidole chopakidwa utomoni. Ku America, komwe nthano zotere zinapita ndi akapolo ochokera ku Africa, chidolecho ndi chaphula, ndipo Joel Chandler Harris anailemba m'buku la Uncle Remus mu 1880. Kumeneko kalulu amapulumuka pochonderera kuti asamuponye paminga, chonsecho ndi komwe akufuna. Zakunjazi ndili nazo, koma zathu zenizeni ndiye zikundisowa, ndipo zimandiwawa kuti ana adziwe za ku America osadziwa za kwawo.

Ndafufuza kale m'malaibulale ndi pa intaneti, koma zambiri n'zachingerezi. Akuluakulu akutchalitchi omwe ndinawafunsa amakumbukira chiyambi chokha, nyimbo yake anaiwala.

Ndiye ndikupempheni, makamaka inu a Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitumbuka: kwanu amagwira Kalulu ndani, ndipo amapulumuka bwanji? Nyimbo yake ikupita motani? Mutchulenso boma lomwe munaimvera. Ngakhale voice note ya agogo ingandithandize kwambiri.