Kodi kalumo ka mlendo kaja nkometera kapena nkovulazira?

Mdzukulu wa ku Dedza, Highfield: Lamulungu lapitali abusa analalikira Mateyu 1, mndandanda wa makolo a Yesu umene ambirife timangoudumpha. Anaima pa amayi asanu: Tamara, Rahabi, Rute, mkazi wa Uriya ndi Mariya. Atafika pa Rute anati, "Mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa." Ine ndinadabwa, chifukwa ndinkadziwa kuti mwambiwu ngochenjeza za alendo oopsa. Nditanena kunyumba azakhali anandidzudzula kuti ndikuupotoza. Akuluakulu, tandithandizani.

Mayi wa Chigwirizano, Mbare: Azakhali ako akunena zoona, mwanawe. Ndili mwana tidapita kwa agogo ku Nkhoma. Ankatimeta ndi lumo lobuntha, atatipana mutu pakati pa maondo, ife misozi mbwee. Tsiku lina kudafika mayi wina wapaulendo, adamasula mfundo ya mpango wake natulutsa kalumo, natimeta tonse anayi popanda wolira. Agogo adanena mwambiwu pomwepo, akumupatsa nkhuku.

Bambo wa ku Mufakose: Ayi mayi, kalumo kamacheka. Agogo anga aakazi ankaunena motsitsa mawu mlendo akangolowa pabwalo, uku akukankhira dengu la ufa kuseri kwa chitseko. Taonani ku Yeriko. Alendo awiri adagona kwa Rahabi, iye nawabisa padenga, mzinda wonse udagwa.

Mayi wa Chigwirizano: Bambo, kwa ine mlendo pamenepo ndi Rahabi mwini, mkazi wadama wa ku Kanani. Adamanga chingwe chofiira pazenera, atate ake, amake ndi abale ake napulumuka, ndipo Mateyu 1:5 akuti ndiye adabala Boazi. Nanga Rute? Deuteronomo 23:3 imaletsa Mmowabu kulowa mumsonkhano wa Yehova ngakhale mpaka m'badwo wa khumi. Koma Rute adabala Obedi, Obedi Jese, Jese Davide. Chisomo chomwe timaimba chija ndi chimenechi. Ife a kuno ku Zimbabwe nkhaniyi imatigwira pamtima. Makolo athu adabwera wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, natchedwa anthu opanda mutupo, kutanthauza chiwongo m'Chishona. Ndikamawerenga za Rute akukunkha barele m'munda wa Boazi, ndimaona amayi anga akutola masamba otsala pa Mbare Musika madzulo.

Bambo wa ku Mufakose: Pepani mayi, za amayi anuzo zandikhudza. Komabe ine ndili pomwepo. Tamara adaphimba nkhope, nakhala m'mbali mwa njira, natenga chosindikizira, chingwe ndi ndodo ya Yuda. Kalumo kameneko sikadamucheke Yuda pamaso pa anthu?

Gogo wa ku Dzivarasekwa: Kadamucheka, inde, koma Yuda yemweyo adavomera kuti Tamara ndi wolungama kuposa iye, Genesis 38:26. Agogo anga ankatema mphini ndi kalumo. Unkalira ndithu, koma mankhwala ankalowera pabala pomwepo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti dzulo ndafunsa mdzukulu wanga kuti kalumo n'chiyani, wangoti m'Chishona "handizivi gogo", sindikudziwa agogo. Ngakhale lezala sakulidziwa.

Mayi wa Chigwirizano: Zimenezo musanene agogo. Anga akapemphera amayamba Chichewa, pakati Chishona, amen asanafike alowa Chingerezi. Mawu oti kukunkha ndawafotokozera kangapo konse.

Bambo wa ku Mufakose: Nchifukwa chake miyambi ikufewetsedwa, ana akungofuna zokoma m'khutu. Akuluakulu akadafuna kuyamikira mlendo akadati adza ndi mchere kapena ufa. Adasankha chinthu chakuthwa dala.

Mdzukulu wa ku Dedza: Zikomo nonse, ndikawawerengera azakhali madzulo ano. Koma palibe wakhudza mayi wachinayi. Mateyu 1:6 sakutchula n'komwe dzina la Batiseba, akungoti mkazi wa Uriya, ndipo mlendo pamenepo ndi Uriya Mhiti, amene Davide adamuphetsa kunkhondo. Bambo a ku Mufakose, pamenepa kalumo adagwira ndani?