Ndithandizeni kulumikiza mawaya a injini yakale ya Honda CG125 pa felemu ya njinga ina

Wofunsa:

Akuluakulu nonse a pagulu pano, landirani moni wanga. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa za magetsi a njinga zamoto zakale kuti andiwongolere ndisanawononge chinthu chimene sindingachipezenso.

Malemu bambo anga anali mlangizi wa zaulimi m'boma la Ntchisi, ndipo midzi yonse imene ankaphunzitsako alimi ankaifika pa Honda CG125, ya mtundu wakale uja wopangidwa ku Japan, wa magetsi a 6V, woliza ndi kiki yokha. Atapuma pa ntchito anagwa nayo m'ngalande nthawi ya dzinja, felemu inapindika pakhosi, ndipo kuyambira pamenepo njingayo inangokhala m'kachipinda kosungiramo makasu zaka zoposa khumi. Chaka chatha ndinatsitsa injini, ndinaitsuka, ndinasintha maring'i a pisitoni ndi kupala mavavu, moti tsopano ndikaponda kiki imandikankha bwino lomwe. Kenako ndinagula njinga ya ku China imene inkachita kabaza, injini yake itafa koma felemu, matayala ndi mawaya zili bwino. Popeza njinga zambiri zoterezi anazipanga potengera CG yomweyi, injini ya bambo inakhala pamalo popanda kuvuta kwambiri. Ndinangodula timalata tiwiri tatsopano togwirira pamwamba pa injini, ndipo tcheni chinalunjika.

Pamene ndagwa ndi pa magetsi. Njinga imene ndinagulayi ndi ya 12V, ili ndi CDI (kabokosi kolamulira moto wa pulagi), sitata, ndi regulator (kachipangizo kochepetsa magetsi akakwera ndi kutchaja batire) ya mawaya asanu. Injini ya bambo ilibe zonsezi, koma ili ndi mapointi (tizitsulo totseka ndi kutseguka kuti pulagi itulutse moto) ndi kondensa yake yowateteza kuti asapse, m'kati mwa flywheel (gudumu la maginito lozungulira ndi injini), ndipo imatulutsa mawaya anayi okha amene mitundu yake inafwifwa, kupatula wachikasu amene akuonekabe.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza njinga za kabaza pamsika wathu, amene ndimamudziwa kuti ndi waluso pa njinga zamakono. Iye anati koyilo singatulutse moto popanda mphamvu ya batire, choncho anatenga waya wakuda wochokera ku swichi ya kiyi n'kuulumikiza ku waya wochokera ku mapointi. Titangotembenuza kiyi, waya uja unatentha, pulasitiki yake inasungunuka, ndipo pansi pa thanki panatuluka utsi. Tinazimitsa msanga. Pambuyo pake tinapeza kuti m'malo mwa fyuzi mwini wakale wa njinga ya ku China ija anaikamo kawaya. Kuyambira tsiku limenelo pulagi ikutulutsa moto wofiira wofooka, nthawi zina osatulutsa konse, pamene ndisanapite kumeneko inkatulutsa moto wabuluu ndikaigunditsa pa injini.

Chimene ndikufuna kudziwa choyamba ndi chakuti tinawononga chiyani, ndipo waya wa mapointi uyenera kupita kuti kwenikweni. Chachiwiri ndi nyali: kodi injini ya 6V ingathe kuyatsa mababu a 12V ndi kutchaja batire kudzera mu regulator imene ilipoyi, kapena ndibwezere njinga yonse ku 6V? Ndinene poyera kuti sindikufuna njinga yothamanga kapena yochitira bizinesi. Ndikufuna kumvanso kulira kwa injini imene inkandidzutsa m'mamawa ndili mwana, ndi kukwera nayo kukaona amayi kumudzi popanda kuopa kuti mdima undipeza panjira.

Makaniko wachikulire wa ku Limbe:

Achimwene, pepani ndi zimene zinachitikazo, koma musataye mtima, chifukwa injini zimenezi sizifa wamba. Honda inayamba kupanga CG125 mu 1975, ndipo inaipangira mayiko onga athu ano, kumene njinga imasenza katundu wolemera ndipo mafuta a mu injini amasinthidwa mochedwa. Ndazigwira zambiri kuyambira ndili mnyamata.

Mfundo imene muyenera kuigwiritsitsa ndi yakuti pa injini yanuyo moto wa pulagi ndi magetsi a nyali ndi nyumba ziwiri zosiyana, ndipo batire silikhudzana konse ndi kulira kwa injini. M'kati mwa flywheel muli koyilo yake yaing'ono imene imapanga mphamvu yokha maginito akamazungulira. Mapointi akakhala otseka, mphamvuyo imathawira ku ethi (chitsulo cha injini ndi felemu, kumene magetsi amabwerera), ndipo akangotseguka imalumphira ku koyilo yakunja ija, imene imaikweza n'kuitumiza ku pulagi. N'chifukwa chake njinga ya bambo anu inkalira ngakhale batire litafa. Tsono mnyamata uja atabweretsa 12V pa waya umenewo, mphamvu ya batire inadutsa m'mapointi otseka n'kupita ku ethi popanda choiletsa, ndipo ngati mapointi anali otseguka inadutsa m'koyilo yaing'onoyo n'kuitenthetsa. Musamudzudzule kwambiri, anaphunzira pa njinga zimene zilibe mapointi.

Chotsani flywheel ndi chochotsera chake chenicheni, osati kuimenya ndi hamala, chifukwa maginito akale amafooka akamenyedwa. Yang'anani nkhope za mapointi: ngati zapsa kapena zachita timaenje, asintheni pamodzi ndi kondensa. Kenako nunkhizani koyilo yaing'onoyo ndi kuiyang'ana ngati vanishi yake yada. Pobwezera, mpata wa mapointi ukhale pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm, ndipo ayambe kutseguka pamene chizindikiro cha F pa flywheel chafika pa kamzere ka pa injini. Chizindikiro cha T n'chotcherera mavavu, musachisokoneze ndi chinzake. Pulagi yake ndi NGK D8EA, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm.

Za kumene waya ukupita, yambani mwayesa swichi ya kiyi ndi multimeter (mita yoyezera magetsi), batire mutalichotsa. Njinga zambiri za ku China zimatsatira mitundu ya mawaya ya Honda: wobiriwira ndi ethi, wofiira ndi wa batire, wakuda umakhala ndi mphamvu kiyi akatembenuzidwa, ndipo wakuda wa mzere woyera ndi wozimitsira injini. Ngati kiyi ali pa OFF waya wakuda wa mzere woyera ukugundana ndi wobiriwira, ndiye kuti mwachita mwayi, chifukwa swichiyo imazimitsa injini poithawitsira ku ethi, monga momwe injini yanu imafunira. Zulani CDI muisunge m'kabati. Pa soketi yake mupezapo waya wakuda wa mzere wachikasu wopita ku koyilo, ndi wakuda wa mzere woyera wopita ku swichi. Awiriwo alumikizeni pamodzi ndi waya wochokera ku mapointi, ndipo nkhani ya moto yathera pomwepo. Ngati koyilo yakunja ya njinga ya bambo ikadalipo, ikani imeneyo, chifukwa ya CDI inapangidwira mphamvu yobwera mwa njira ina ndipo kawirikawiri imapereka moto wofooka pa mapointi.

Mwini galaja wa ku Mchesi:

Malangizo a bambo a ku Limbe ndi oona, koma ine ndikuona kuti mukudzipatsa ntchito yosatha. Mapointi ndi kondensa zabwino zikusowa masiku ano, ndipo mababu a 6V mudzayenda nawo mashopu ambiri osawapeza. Bwanji osachotsa mbale yonse ya makoyilo ndi flywheel, n'kuikapo za CG ya ku China za 12V ndi CDI? Mukatero mawaya a njinga yanuyo adzangolowa m'masoketi ake, ndipo mudzaiwala za kutchera mapointi.

Makaniko wachikulire wa ku Limbe:

Zimenezo zimatheka pa injini zina, koma si pa zonse. Nsonga ya crankshaft (shafiti imene pisitoni imazunguza) pamene pamakhala flywheel imasiyana kukula ndi kupendekeka kwake, ndipo mabowo a mbale ndi chivundikiro nazonso zimasiyana. Flywheel imene sinakhale bwino imadula kachitsulo koigwira pa nsongayo ndi kudya nsongayo, ndipo crankshaft ya injini yakale chonchi ikawonongeka simudzaipeza pafupi. Ngati achimwenewa angafune njira imeneyo, ayese kaye zonse ndi vernier (choyezera kukula kwa zitsulo) asanalipire kanthu.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Bambo a ku Mchesi, ndamva nkhawa yanu ndipo ndi yomveka, koma mtima wanga uli pa kusunga zam'kati mwa injini monga momwe bambo anazisiyira, malinga ngati zikugwirabe ntchito. Zikadzakanika ndidzabwerera ku maganizo anuwo.

Ndachita zimene bambo a ku Limbe anandiuza. Swichi ikugunditsadi waya wakuda wa mzere woyera ndi wobiriwira pa OFF. Mapointi ndawapeza atapsa ndithu, mbali imodzi yachita kadzenje, koma koyilo yaing'ono sinade ndipo sikununkha. Koyilo yakunja yakale ndinaipeza ikadali yomangidwa pa felemu yopindika ija. Mawaya anayi aja ndawazindikira tsopano: umodzi ndi wa mapointi, wina umagunda ethi giya ikakhala pa nyutulo, ndipo awiri otsalawo, wachikasu ndi wina wotuwa, onse akusonyeza kuti akugundana ndi chitsulo cha injini, uliwonse osafika pa 1 ohm. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti koyilo ya nyali inapsa n'kugunda chitsulo?

Mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto ku Mzuzu:

Achimwene, sinapse ayi, ndimo mmene anaipangira. Pa njinga zakale za 6V mbali imodzi ya koyilo ya nyali imamangidwa ku ethi m'kati mwa injini. Waya wachikasu unkapita ku nyali yakutsogolo ndi mphamvu ya AC (magetsi osinthasintha mbali, monga momwe koyilo imawapangira) mwachindunji, ndipo winayo unkadutsa pa rectifier yaing'ono (yosandutsa AC kukhala magetsi a batire) kukatchaja batire la hutala, maindiketa ndi nyali ya buleki. Regulator kunalibe. Mababu omwewo ndiwo ankamwa mphamvu yonse, n'chifukwa chake babu lakutsogolo likapsa, lakumbuyo nalo silinkachedwa kutsatira.

Zimene mwayesazo zikuyankha funso lanu la regulator. Ya mawaya asanu imene ili pa njingayo kawirikawiri ndi ya mtundu wofuna koyilo imene mbali zake zonse ziwiri sizikhudza ethi. Mukailumikiza ku koyilo yanu yomangidwa ku ethi, idzatentha ndipo batire silidzatchajika bwino. Musayese n'komwe. Yoyenera koyilo yanu ndi regulator ya 12V ya mapini anayi, yonga imene imapezeka pa tinjinga ta 110cc: waya wachikasu wa nyali, woyera wotchajira, wofiira wa ku batire ndi wobiriwira wa ethi. Pogula funsitsani, chifukwa zilipo za mapini anayi zofanana maonekedwe koma zosiyana m'kati.

Dziwani kuti dzina lakuti 6V silitanthauza kuti koyiloyo imalekezera pa 6V. Injini ikathamanga popanda babu lolumikizidwa, mphamvu yake imakwera kupitirira 12V. Chimene chili ndi malire ndi kuchuluka kwa mawati amene ingapereke. Babu lakale linali la mawati 25, pamene la njinga ya ku China nthawi zambiri ndi la 35, choncho mukalisiya lomwelo mudzaona nyali yofiira ngati koloboyi injini ikamalira pang'onopang'ono. Chepetsani katundu: kumbuyo, pa buleki ndi pa mita ikani LED zodyera ku batire, ndipo ngati muika LED pa maindiketa musinthenso relay yake yowaphethiritsa. Zikapanda kukwanira, pali amisiri okulunga mamota amene angakukulungireni koyilo ya nyali yokha ndi waya wocheperako koma wozungulira kambiri, osakhudza koyilo ya moto.

Musanalumikize batire, bwezerani fyuzi yeniyeni ya 10A pafupi ndi mutu wake wofiira, chotsani waya wonenepa wa sitata pamodzi ndi solenoid (swichi ya sitatayo), ndipo kokani waya wa ethi kuchokera pa bauti ya injini kufika pa felemu, mutapala penti pamalo pamenepo. Batire laling'ono likukwanirani popeza sitata palibe.

Wofunsa:

Akuluakulu, ndabweranso ndi uthenga. Mapointi ndi kondensa ndinazipeza ku Lilongwe, ndinatchera pa F monga munandiuzira, ndinaika koyilo yakale, ndipo dzulo madzulo injini inalira pa kiki yachitatu. Ndikatembenuza kiyi ikuzima nthawi yomweyo. Amayi ndinawaimbira foni kuti amve kulira kwake, ndipo anakhala chete nthawi yaitali asanandifunse ngati ndi yomweija.

Nyali sindinalumikize. Ndayesa waya wachikasu popanda babu, ndipo ukupereka 7V ya AC injini ikamalira payokha, n'kukwera kudutsa 20V ndikakoka mafuta. Wotuwa uja ukupereka mokwererapo pang'ono. Regulator ya mapini anayi ndagula, koma inabwera yopanda pepala ndipo mapini ake alibe zizindikiro, kotero batire ndaliika pambali mpaka nditatsimikiza. Aphunzitsi a ku Mzuzu, chonde ndiuzeni mmene ndingadziwire ndi multimeter pini ya ethi ndi pini ya ku batire, komanso ngati ndi nzeru kusiya nyali yakutsogolo pa AC ndi babu la mawati 25, kapena kuisamutsira ku batire ndi LED, poganizira kuti msewu wa kumudzi kwathu ndi wafumbi ndi wokwera mapiri, ndipo nthawi zambiri ndidzayenda pa giya yachiwiri.