VPN yolumikizira likulu ndi nthambi ziwiri: tisankhe iti, tisamale pati?

Wamaakaunti

Moni akuluakulu. Kampani ili ndi likulu, nthambi ziwiri, komanso antchito asanu ndi atatu amene masiku ena amagwirira ntchito kunyumba. Seva ndi imodzi, ili kulikulu, ndipo mafayilo onse ndi pulogalamu ya maakaunti zili mmenemo. Tikufuna onsewa azifika pa sevayi popanda kuitsegulira aliyense wa pa intaneti. Ena akuti tingolipira VPN (njira yotetezedwa yodutsira deta pa intaneti) ya pamwezi ija imatsatsidwa paliponse. Kodi ndi yomweyo imene tikufunikayo? Ngati si yomweyo, tiyambire pati?

Kachingwe

Si yomweyo ayi. VPN yotsatsidwayo imatenga deta yanu n'kukaitulutsira pa seva ya ogulitsawo. Imabisa adiresi yanu ya IP, koma sikufikitsani pa seva ya ofesi yanu. Inu mukufunika zinthu ziwiri. Panthambi pakhale site-to-site: rauta ya nthambi imagwirizana ndi ya kulikulu, ndipo makompyuta safunika kuikidwa kalikonse. Kwa a kunyumba pakhale remote access, laputopu iliyonse ndi pulogalamu yake ndi kiyi yake.

Musanagule chipangizo, konzani kaye maadiresi. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Marauta ambiri amabwera ali pa 192.168.0.0/24 kapena 192.168.1.0/24. Likulu likakhala pa 192.168.1.0 ndipo nyumba ya wantchito ilinso pomwepo, laputopu imaganiza kuti seva ili m'nyumbamo, n'kumaifunafuna pa Wi-Fi m'malo molowa mu tunnel, njira yotetezedwa imene VPN imapanga. VPN imaonetsa kuti yalumikizika, koma palibe chimene chikutseguka. Patsani malo alionse gawo lawolawo: likulu 10.20.1.0/24, nthambi yoyamba 10.20.2.0/24, yachiwiri 10.20.3.0/24, a kunyumba 10.20.9.0/24.

Kenako likulu likhale ndi IP ya public (adiresi yofikirika kuchokera pa intaneti), makamaka yosasintha. Nthambi zikhoza kukhala zopanda, bola ndi zimene ziziyambitsa kulumikizana.

Pa protocol (malamulo amene marauta amatsata polumikizana), ngati marauta ali a makampani osiyana, IPsec ya IKEv2 ndi imene pafupifupi onse amaimva. Imafuna UDP 500 ndi UDP 4500 zikhale zotsegula. Ikakana kudzuka, kawirikawiri mbali ziwirizo sizinafanane pa encryption, pa DH group, kapena pa magawo a maadiresi amene mwalemba. Onani log, imanena pamene zasemphana. Ngati marauta onse amatha WireGuard, ine ndingasankhe imeneyo: zolemba zake ndi mizere yochepa, imathamanga, ndipo inalowa mu Linux kernel 5.6 mu 2020. Kunthambi ikani PersistentKeepalive pa 25 kuti NAT (kugawana adiresi imodzi pa rauta) isatseke njira. PPTP, protocol yakale ya VPN, musaiganizire n'komwe. MS-CHAPv2, njira yotsimikizira pasiwedi imene PPTP imadalira, inathyoledwa poyera mu 2012, ndipo Apple inachotsa PPTP mu iOS 10 ndi macOS Sierra mu 2016.

Sevayathu

A Kachingwe afotokoza bwino za kulumikiza. Ine ndionjezere za pambuyo pake, chifukwa madandaulo amayamba tunnel ikadzuka.

Liwiro la onse akutali limatsamira pa upload ya kulikulu, osati download. Upload ikakhala 10 Mbps, anthu khumi akutsegula mafayilo nthawi imodzi, aliyense apeza pafupifupi 1 Mbps. Yezani upload musanalonjeze abwana chilichonse. N'chifukwa chake split tunnel imathandiza: mu tunnel muzidutsa zopita ku 10.20.0.0/16 zokha, misonkhano ya pa vidiyo izidzera pa intaneti ya munthuyo.

Pulogalamu ya maakaunti ija ifufuzeni. Ngati ndi ija imasunga deta mu fayilo imodzi pa foda yogawana, musaitsegule kudzera mu VPN. Imatumiza timafunso tambirimbiri kwa seva, kalikonse kudikira yankho, ndiye imachedwa koopsa. Choipa kwambiri n'chakuti intaneti ikaduka munthu ali mkati mosunga, fayilo ikhoza kuwonongeka. Pulogalamuyo iziyenda pa kompyuta ya kulikulu, akutali azilowamo ndi Remote Desktop (yoyendetsera kompyuta uli kutali) mkati mwa VPN. Port 3389 ya Remote Desktop isaonekere pa intaneti, olo tsiku limodzi.

Vuto lina losokoneza mutu: ping ikuyankha, koma mafayilo aakulu amaima panjira ndipo masamba ena samaliza kutseguka. Imeneyo ndi MTU, malire a kukula kwa paketi ya deta imene ingadutse. Encryption imaonjezera mabaiti pa paketi iliyonse, ndiye 1500 sikwananso. WireGuard imayambira pa 1420. Pa Windows yesani `ping -f -l 1392` kupita ku seva, chifukwa 1392 kuphatikiza mabaiti 28 a mutu wa paketi ndi 1420. Ikakana, tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka idutse, muonjezere 28, imeneyo ndiye MTU yanu. Pa rauta yatsaninso MSS clamping, yothandiza kuti mapaketi asapitirire MTU.

Mlonda443

Pa WireGuard ndisiyana pang'ono ndi a Kachingwe. Pakati pa marauta ndi yabwino. Koma kwa anthu a kunyumba, payokha ilibe dzina la munthu, pasiwedi kapena MFA (chitsimikizo chachiwiri choonjezera pa pasiwedi). Imadziwa kiyi basi. Laputopu ikabedwa, wakubayo ali ndi njira yolowera mpaka mutachotsa kiyiyo pa seva. Choncho ikani pamwamba pake chida chotsimikizira munthu, monga mmene Tailscale imachitira, kapena gwiritsani OpenVPN kaya IKEv2 yokhala ndi satifiketi ndi MFA.

Zimenezi musazipeputse chonde. Mu 2021 achifwamba a pa intaneti analowa mu Colonial Pipeline, kampani ya mapaipi a mafuta ku America, kudzera pa akaunti ya VPN imene sinkagwiritsidwanso ntchito, yopanda MFA. Munthu akasiya ntchito, akaunti ndi kiyi yake zichotsedwe tsiku lomwelo. Kiyi imodzi isagawanidwe ndi anthu awiri, apo ayi kuchotsa mmodzi kudzafuna kusinthira onse.

VPN imateteza deta panjira pokha. Laputopu yokhala ndi vairasi ikalumikizika, vairasiyo yalowa nayo. Pa firewall lembani kuti 10.20.9.0/24 izifika pa seva yokhayo ndi pa ma port ofunika okha, osati netiweki yonse. Chipangizo cha VPN chenichenicho chimayang'ana kunja usana ndi usiku, ndiye firmware yake muziikonza update ikangotuluka.

Wamaakaunti

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona pa rauta ya kulikulu, WAN (mbali yoyang'ana ku intaneti) ikuonetsa adiresi yoyamba ndi 100.72. Imeneyi ndi public?

Kachingwe

Ayi, imeneyo ndi CGNAT. Chilichonse kuyambira 100.64 mpaka 100.127 ndi adiresi ya mkati mwa kampani yokupatsani intaneti, ndipo IP ya public mukugawana ndi makasitomala ena. Port forwarding ngakhale DDNS sizithandiza pamenepo. Apempheni IP ya public yosasintha. Akakana, bwerekani seva yaing'ono ya pa cloud, muikepo WireGuard, likulu ndi nthambi zonse zizilumikizika kumeneko. Sankhani yomwe ili pafupi ndi maofesi anu, chifukwa paketi iliyonse izidzera pamenepo popita ndi pobwera.